Mango a Mkamwini

Tadala, taika buku lakolo pachitsa apo, ubwere undigwirire mbande iyi. Iwe Limbani, madzi ndati ukatunge aja ali kuti? Ukuti ubweretsa pompano? Pompano wakoyo ndimamudziwa ine, ndi mphwake wa mawa. Thamanga, dzenje likuuma ili.

Chiyambire m'mawa ndakhala ndikukumva iwe Tadala ukuimba Chizungu chako pakhonde ngati katekisimu. Ndidzadikira mpaka nthawi yakuti, ndidzamaliza pofika tsiku lakuti, sindidzapitirira pakuti. Antilu, bayi, antilu, bayi. Ukuyesa agogo ako sakumva, eti? Timawu timeneto ndidakumana nato amayi ako ali kumsana, ndipo si m'buku ayi. Ndidakumana nato titavala jombo, titanyamula makiyi a nyumba.

Chizungu, ana inu, ndi chinenero cha anthu okonda mpanda. Mzungu akafuna kunena za mawa amayamba wazika mitengo, n'kumanga tsekera, kenako n'kukuuza kuti mawa lako lilekezera apa. Ife mawa lathu ndi ladambo, mbuzi imadya mpaka pomwe yakhutira. Ine ndalawa zonse ziwiri, ndiye musandiyang'ane ngati ndapenga poona nkhalamba yopanda mano ikubzala mango. Uwu ndi mtengo woyamba umene ndikubzala m'mudzi muno, chibwerere changa ndili ndi tsitsi lakuda. Khalani pansi ndikuuzeni chifukwa chake, dothi likamamwa madziwo.

Inu mumayesa kuti kuno kwa Kabudula n'kwathu chifukwa mudandipeza kuno. N'kwanu inu ndi amayi anu a Rozina, ndi kwa agogo anu aakazi, malemu a Nambewe. Ine kwathu ndi ku Mpingu. Kuno ndidabwera ngati mkamwini, mwamuna wodzakhala kwa mkazi, nditanyamula khasu, nsompho, bulangeti ndi mtima wodzikuza.

Agogo anuwo ndidawaona koyamba pachigayo ku Nsaru. Masiku amenewo chigayo sichinali cha magetsi chongodina ngati zanu izi. Chinali cha dizilo, chochita kupukusa amuna awiri, ndipo chikadwala anthu ankakhala pamzere mpaka kudziwana mfunda. Tsiku limenelo chidadwala. Ine ndinali nditabwera ndi ngolo ya eni ake kudzatula mitengo yomangira chigafa cha fodya, iwo anali atakhala padengu lawo akukukuta mbatata yootcha. Ndidawapempha, adandipatsa kumchira kopserera. Ndidayenera kudziwa pomwepo mtundu wa anthu amene ndinkalowako.

Chikamwini cha masiku ano n'chamasewera. Ndimawaona anyamata akudya mbale imodzi ndi apongozi awo, mpaka kubwerekana foni. Ife tikaona apongozi aakazi akubwera m'njira tinkapatukira m'tchire, kaya muli chitedze choyabwa chija, kaya muli minga. Tambala akalira unkayamba walima munda wa apongozi, wako pambuyo. Nkhokwe ikapendama, mkamwini. Denga likadontha, mkamwini. Zonsezo ndidachita mosanyinyirika, koma panali chinthu chimodzi chimene mkamwini sankachita, ndicho kubzala mtengo. Chimanga ungabzale, fodya ungaoke, pakuti zimenezo zimatha ndi chaka. Koma mtengo umazika mizu, ndipo wobzala mtengo amakhala akuuza anthu kuti nthakayo ndi yake. Ankati mlendo ndi mame, ndiye mame abzala bwanji mango?

Ine sizinkandipweteka, chifukwa ndinkadziwa kuti sindikhalitsa. Mwambo womwewo unali ndi khomo lotulukira, lotchedwa chitengwa. Mkamwini akaonetsa khalidwe, ankapempha kwa atsibweni a mkazi wake, amene inu mumati amalume, kuti amutenge mkaziyo apite naye kwawo. Atsibweni a agogo anu anali a Zakeyu, munthu wamfupi ngati mnzawo wa m'Baibulo uja, waulemu, wosaphonya Misa, wosakweza mawu. Moyo wawo wonse sadandikanizepo kanthu.

Amayi anu ali kumsana, ine ndidapeza ganyu pa esiteti ina ya fodya cha ku Namitete. Ndinkanyamuka Lolemba kusanatenthe ndi njinga yobwereka, kamba wanga chigumu ndi mtedza wokazinga m'kansalu, n'kubwerako Loweruka matako atafa dzanzi. Kumeneko ndidaphunzira kuyendetsa thalakitala. Musaseke, manja onjenjemerawa ankapanga mizere yowongoka mpaka mzungu woyang'anira esitetiyo adaima n'kuvula chipewa.

Tsiku lina adandiitanitsa, kalaliki ali pambali kutanthauzira. Adandilozera nyumba ya malata, ya simenti pansi, mpopi wamadzi uli poteropo. Adati nyumbayo ndi ya woyendetsa thalakitala, koma wapabanja, chifukwa mbeta zamphongo zinkathawa ntchito mvula ikagwa. Mkazi wanga akafika mwezi usanathe, nyumba ndi thalakitala n'zanga. Kenako adatukula chala nati bayi, bayi kutha kwa mwezi. Kalaliki adati, "Akuti pofika kumapeto kwa mwezi uno, osapitirira."

Ndidavomera ndi mutu, koma mumtima ndinkaseka. Mwezi umatha inde, koma anthu amakambirana. Ndinkayesa kuti mzungu naye ndi munthu wokhala ndi atsibweni.

Lamulungu lake, titatuluka m'tchalitchi, ndidatenga achimwene anga amene anali ankhoswe, ndi tambala wofiira wonenepa, ulendo kwa a Zakeyu. Adatiyalira mphasa pansi pa mtengo wawo wa mango, womwe uja udagwa ndi mphepo chaka chatha. Achimwene adayala nkhani bwinobwino. A Zakeyu adamvetsera maso ali pansi, adanunkhiza fodya wawo wamphuno, n'kuyetsemula.

"Tamva, akamwini," adatero. "Mawu okoma zedi. Nyumba ya malata, eti? Mwana wathu azikagona osamva udzu kununkha. Ife tingakane bwanji zabwino? Koma taonani nokha, chimanga chili m'munda, changomasula kumene. Munthu sasamuka thukuta lake lili chiimire. Tikakolola."

"Atsibweni," ndidatero ine, ngakhale sikunali kwanga kuyankhula, "mzungu wati mwezi usanathe."

"Mzunguyo ali ndi munda?"

"Ali nawo, waukulu."

"Ndiye akudziwa. Kamuuzeni kuti tikakolola."

Ndidakamuuza. Adafunsa kuti tsiku lanji. Ndidati tikakolola. Adafunsanso kuti mwezi wanji, ine ndidayang'ana kumwamba, pakuti mvula ndi ya Mulungu. Sadakalipe ayi. Mwezi utatha adangotenga makiyi n'kupatsa mnyamata wina wa ku Nambuma amene mizere yake inkayenda ngati njoka, koma anali ndi mwayi umodzi waukulu, wakuti mkazi wake atsibweni ake onse anali atamwalira. Ine ndidabweza njinga kwa mwini wake n'kutola khasu. Ndidalira, ana inu, ndisakunamizeni. Ndidalirira kuseri kwa chigafa kuti apongozi asaone.

Koma nyumba ya malata kapena ayi, kwathu kunali kwathu, ndipo malo anga ku Mpingu anali kundidikira. Titatuta chimanga, nkhokwe zitadzaza, ndidagwira tambala wina.

"Takolola, atsibweni."

"Chimanga inde. Nanga mtedza ukumba ndani?"

Titakumba mtedza, fodya anali asanapite kumsika. Fodya atapita, kudagwa maliro, ndipo munthu sasamuka anthu ali ndi misozi. Misozi itauma, kumwamba kudayamba kugunda. "Aa, akamwini, mbewu zili m'manja chonchi mukayambe bwanji munda watsopano? Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tikakolola."

Iwe Limbani ukuseka, koma nkhuku zanga zidathera m'mimba mwa munthu ameneyo. Ndipo anali waulemu, ndanena kale. Tambala aliyense ndikapereka, madzulo ake kunkabwera mbale yovundikira, muli mwendo umodzi ndi msuzi, akuti mkamwini alaweko. Ndinkadya nkhuku yanga yomwe n'kutumiza mawu othokoza. Komatu nkhuku zinali nkhuku nthawi imeneyo, zodya chiswe ndi ziwala, fupa lake lofuna mano enieni. Osati zoyera zanu izi zokula ndi nyali, zoti ukaziponya m'mphika zimasungunuka ndi manyazi.

Zaka zidapita motero. Amayi anu adatha msinkhu, amalume anu adabadwa n'kumera ndevu. Ine ndinkakhalabe ngati munthu wodikira basi, katundu ali m'manja. Nyumba ndinkamanga yazidina, yongoyembekezera. Anzanga akamaotcha njerwa ine ndinkati ndikaotchera kwathu. Dzuwa likatentha ndinkakhala pamthunzi wa mitengo ya eni ake, ndikatola bango lakugwa ndinkayamba ndayang'ana uku ndi uku. A Zakeyu adamwalira mwezi wa mondokwa, chimanga chisanaume, moti adapita kwa Mulungu asananame.

Atapita iwo ndikadatha kupemphanso, koma tsopano kwathu kunali kutasintha. Malo anga aja ana a mlongo wanga anali atalimapo, kwina atagulitsa kwa anthu a m'tauni amene mipanda yawo ya njerwa inkabwera kuchokera ku Njewa ngati madzi osefukira. Tsiku lina tikusenda mtedza pakhonde ndidawadandaulira agogo anu.

"A Nambewe, atsibweni anu aja adandidyera moyo. Bwenzi pano muli mayi wa nyumba ya malata."

Iwo sadatukule n'komwe mutu. "Abambo a Rozina, nkhuku zonse zija munkapereka kwa atsibweni. Ine mudandipatsako ngakhale chiwindi, n'kundifunsa ngati ndikufuna kupita?"

Ndidati, "Chabwino, ndikufunsani lero. Ndikadakufunsani mukadati chiyani?"

"Ndikadati tikakolola," adatero, n'kuseka mpaka makoko a mtedza kumwazika. Mpaka lero sindidziwa ngati a Zakeyu ankayankhula zawo kapena ankangotumidwa. Agogo anu anali ndi dimba lawo kuno, amayi awo, azichemwali awo, ndi chitsime chimene ankachidziwa kukoma kwake. Ine ndinkafuna kuwapatsa mpopi.

Tsopano ndifike pa zimene mukuzidziwa pang'ono, za chaka chatha, agogo anu atayamba kudwala m'mimba muja. Mukukumbuka tidawatengera kuchipatala chimanga chitangomasula ngayaye. Dokotala wake anali mnyamata wabwino, wa kwathu konkuno, wodziwa kupereka moni kwa akulu. Atawayeza adatiuza m'Chichewa kuti tiwatengere kunyumba, tiziwapatsa mankhwala opha ululu, tizipemphera. Kenako adatembenukira kwa namwino n'kuyamba Chizungu chapansipansi, poyesa kuti nkhalamba ya zigamba iyi sikumva kanthu. Zambiri sindidamve, zoona. Koma mpanda ndidaumva. Timawu tija tidatuluka titavalanso jombo zake zomwe zija, ndipo ndidadziwa kuti akunena mwezi umodzi, osapitirira.

Nthawi imeneyo sindidaseke mumtima. Ndinali nditaphunzira kale kuti Chizungu chikazika mtengo sichizula.

Pobwerera tidakwera ngolo ya a Lino, mlongo wawo wamng'ono wa agogo anu, amene ndiwo mwini mbumba tsopano. Agogo anu anali atagona pamatiresi, mutu uli pamwendo panga. Tili pakati pa minda adatsegula maso.

"Abambo a Rozina, inu paja mumamva Chizungu cha pa esiteti. Amati chiyani mnyamata uja?"

Ndidayang'ana chimanga mbali zonse, chobiriwira, chisanakhwime n'komwe. 

"Amati muchira," ndidatero. "Tikakolola."

Adandiyang'ana nthawi yaitali, kenako adamwetulira. "Ee, mkamwini uja waphunzira chinenero cha eni mudzi." Adagwira dzanja langa n'kutsekanso maso, ndipo sadafunsenso.

Chizungu chidasunga mawu ake monga mwa nthawi zonse. Tidawaika kutsidya kwa khwawa uko mwezi usanathe. Ndimawasowa, ana inu. Ndimawasowa m'mawa uliwonse ndikamva wina akusesa pabwalo ndi kasesedwe kosakhala kawo.

Zimene simukuzidziwa ndi izi, chifukwa tsiku limenelo adakutumani kudimba dala. Mkazi akamwalira, mkamwini ntchito yake yatha. Abale a mkazi amamusudzula, ndiko kumumasula kuti abwerere kwawo, ndipo abale ake amabwera kudzamutenga. Khomo lija ndidaligogoda moyo wanga wonse lidatseguka lokha, pamene ndinalibenso wotuluka naye. Ku Mpingu ndikadziwa ndani ine lero? Anzanga onse ali kumanda. Kuno kuli inu, kuli amayi anu, kuli kanjira kaja ndimadutsa popita kukazula udzu pamanda a agogo anu. Sindinkafuna kupita. Koma mkamwini pabwalo la eni ake alibe pakamwa.

Wodzanditenga anali Edwadi, mwana wa mlongo wanga, uja amabwera ndi galimoto yotuwa n'kukupatsani masiwiti. Musamuyese woipa ayi. Anali atandimangira chipinda cha simenti, cha magetsi, mpopi uli pakhomo. Nyumba ya malata ija idandilondola mpaka ku ukalamba. Tidakhala pamphasa, ine pambali ngati katundu wokambidwa mtengo.

"Ife sitikufuna kuvutana ndi munthu," adatero Edwadi, makiyi a galimoto akulira m'manja. "Amalume atumikira mokwanira kuno. Tingogwirizana deti basi. Bayi kumapeto kwa mwezi uno ndibwere ndi galimoto, zinthu zikhale kiliya."

 Mumtima ndidati basi, mpanda wachitatu uwu, wandipeza.

A Lino adamvetsera maso ali pansi. Anthu inu simudawaone a Zakeyu, koma ine tsiku limenelo ndidawaona atadzuka. A Lino adatulutsa kabotolo ka fodya wamphuno, adanunkhiza, n'kuyetsemula.

"Tamva, bambo," adatero. "Mawu okoma zedi. Magetsi, eti? Alamu athu azikagona kowala. Ife tingakane bwanji zabwino? Koma taonani nokha, chimanga chili m'munda, ndipo adalima ndi iwowa pamodzi ndi malemu. Munthu sasamuka thukuta lake lili chiimire. Tikakolola."

"Kukolola kwake liti? Tinene mwezi, kuti ndipange pulani."

"Aa, mwana wanga, mvula ndi ya Mulungu."

Ana inu, mawu amene adandilanda thalakitala, mawu amene ndidawatukwana kuseri kwa chigafa, tsiku limenelo adandikomera kuposa nyimbo ya pa Pasaka. Amati mawu a akuluakulu amakoma akagonera, koma awa adagonera mopitirira muyeso. Ndidawerama ngati ndikuchotsa minga kuphazi kuti Edwadi asaone nkhope yanga.

Adabweranso titatuta chimanga, atanyamula shuga ndi nkhuku ziwiri zoyera zija. A Lino adalandira ndi manja awiri n'kufunsa kuti nanga mtedza ukumba ndani. Madzulo ake kudabwera mbale yovundikira kunyumba kwanga, muli mwendo ndi msuzi. Aka kanali koyamba kudya nkhuku yopemphera munthu imene sindidagule ine, ndipo ngakhale inali yosungunuka ija, ndidanyambita mbale.

Komabe tulo sindinkagona tabwino, pakuti tikakolola ndi chingwe chimene wogwira angathe kuchimasula tsiku lililonse. Ndiye dzulo, mvula ija itangokata, ndidaona a Lino akubwera ndi kanthu m'manja. Adakaika pakhonde, adakhala, tidakamba za mitengo ya feteleza ndi za mwendo wawo. Ponyamuka m'pamene adaloza mbande iyi ndi ndodo.

"Alamu, paja mtengo wa atsibweni uja udagwa, pabwalo pano palibe mthunzi. Tabzalani aka."

Ndidati, "Alamu, mwaiwala kodi kuti ine ndine ndani pamudzi pano?"

"Sindidaiwale. Awa si omezanitsa aja obereka msanga ayi, ndi maboloma enieni, ochedwa. Edwadi akabweranso tidzamuuza kuti tikakolola awa."

Ndiye gwira bwino, Tadala, usapendeke. Limbani, kankhira dothi ndi manja, osati ndi phazi ngati ukukwirira galu. Mudzatchinge ndi minga, mbuzi za amayi anu sizidziwa mwambo.

Paja amayi anu akuti Edwadi waimbanso foni m'mawa uno, akufuna adziwe kuti ndikhala kuno mpaka liti, ndipo akuti ayankhidwe zomveka. Iwe Tadala ndiwe wa Chizungu pakhomo pano, ukamuyankhe ndiwe, m'chinenero chake chomwecho kuti asavutike. Ukamuuze kuti agogo akuti antilu tikakolola mango.

Thira madziwo tsopano, pang'onopang'ono. Sitikuthamangira kulikonse.